Singano kapena mpeni: kwa anzanga ondifunsa za chala chopindikira m'chikhatho

Anthu a kumpingo, anzanga a ukalipentala kuno ku Ulóngue ndi achibale a ku Domué akhala akundifunsa funso limodzimodzi. Chala chikapindikira m'chikhatho n'kukana kuwongoka, chabwino n'chiti pakati pa kuchiwongola ndi singano ndi kuchita opaleshoni ya mpeni? Amafunsa ine chifukwa matendawa anandigwira manja onse awiri. Lamanzere linang'ambidwa ndi mpeni, lamanja linawongoledwa ndi singano. Sindine dokotala, ndine munthu wodya za manja ake, wodwalanso shuga, amene anadutsa njira zonse ziwirizi. Ndineneretu kuti mtima wanga uli ku singano. Ndifotokoza chifukwa chake, ndipo sindibisa pamene singanoyo imagonja.

Matenda amene tikunenawa m'mapepala a chipatala kuno ku Mozambique amawalemba kuti contratura de Dupuytren, potengera dzina la Guillaume Dupuytren, dokotala wa ku Paris amene anachita opaleshoni yake mu 1831. Pansi pa khungu la chikhatho pali nembanemba yolimba imene imagwira khungulo kuti lisamatereke tikagwira chinthu. Mwa anthu ena nembanembayi imayamba kukhuthala. Pamatuluka kachotupa kolimba, kawirikawiri m'munsi mwa chala cha mphete kapena kachala kakumapeto, khungu n'kulowa mkati pang'ono. Pakapita zaka pamapangika chingwe chimene munthu amachimva akasisita m'chikhatho, ndipo chingwecho chimanka chifupika n'kumakokera chala mkati. Nthawi zambiri sichipweteka. Kufumbata umafumbata bwinobwino, chimakanika ndi kutambasula. Amagwira kwambiri amuna opitirira zaka 50, amayenda m'magazi a banja, ndipo ndi ofala kwa azungu a kumpoto kwa Ulaya kuposa kwa ife. Shuga, mowa wambiri, fodya ndi khunyu zimayendera nawo limodzi.

Chimene chimasowetsa mtendere ndi tinthu ta tsiku ndi tsiku. Posamba kumaso chala chimakutosa m'diso. Dzanja limakana kulowa m'thumba la thalauza, likalowa limakodwa potuluka. Popereka moni mnzako amamva chala chikumukanda m'chikhatho, ndipo mukudziwa mmene zimenezo zimamvekera kwathu kuno, makamaka ngati ukupatsana moni ndi mayi wa mwini. Kwa ine chogwirira cha randa sichinkakhalanso bwino m'dzanja, ndipo thabwa sindinkatha kulikanikiza ndi chikhatho chonse.

Musanaganize za singano kapena mpeni, tsimikizani kaye kuti matenda anu ndi amenewadi, chifukwa ambiri mwa amene abwera kudzandionetsa manja awo ali ndi vuto lina. Munthu amene anagwera pamoto ali mwana, kapena wa khunyu amene anapsa akuphika, chala chake chimakokedwa ndi chipsera cha khungu, ndipo chimafuna opaleshoni yomasula chipseracho n'kuikapo khungu lina. Amene anathyoka mkono n'kumangidwa mothinitsa ndi timitengo, kapena amene mkono unatupa kwambiri njoka italuma, zala zake zimapindika chifukwa minofu ya mumkono inafa. Pali chala china chimene chimakodwa ukafumbata n'kuwongoka mwadzidzidzi ukachikoka. Chimenecho vuto lili pa mtsempha wokoka chala, ndipo ife a shuga chimatikonda. Palinso kufa ziwalo ndi nyamakazi. Koma amene ndimamudera nkhawa kwambiri ndi uyu: kachala kakumapeto ndi ka mphete zakhota, dzanja lachita dzanzi, mnofu wa pakati pa zala wauma, ndipo pathupi pali mawanga otuwa osamva kukhudza. Ameneyu asataye nthawi ndi nkhani yangayi, apite kuchipatala sabata yomwe ino akayezedwe khate. Khate likadalipo m'dziko muno, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo kuchedwa kumawononga mtsempha womvera mpaka osadzabwereranso. Pa onsewa singano imene ndikuiyamikira ilibe ntchito, chifukwa mulibe chingwe choti idule.

Ngati chingwe chilipo, dziyeseni ndi njira imene anaitchukitsa dokotala wa ku Australia, John Hueston. Ikani dzanja patebulo, chikhatho chiyang'ane pansi. Ngati chikhatho ndi zala zonse zagona patebulopo, musalole munthu kukudulani, ingomayang'anirani. Ngati pakutsala mpata, nthawi yoonana ndi dokotala yakwana. Madokotala ambiri amayamba kuchitapo kanthu mfundo ya patsinde pa chala ikapindika madigiri 30, kapena mfundo yapakati ikangoyamba kupindika.

Zina zija anthu amakulangizani ndizidutsa msanga. Mafuta osisita, madzi otentha ndi kumangirira chala ku kathabwa usiku siziwongola chingwe chimene chakhwima. Jakisoni wa cortisone angafewetse kachotupa kopweteka koma sawongola chala, ndipo kwa ife a shuga amakweza shuga kwa masiku angapo. Kuwotcha ndi makina aja ochizira khansa amakuchita m'mayiko ena matenda akadali pa kachotupa, koma chala chikapindika nthawi yake imakhala itadutsa. Kutemera mphini m'chikhatho kumangowonjezera zipsera pamalo omwe akukokana kale.

Pali jakisoni wina amene anthu amamuona pa intaneti n'kumanditumizira zithunzi pa WhatsApp. Dzina lake ndi collagenase, wogulitsidwa ku America ndi dzina loti Xiaflex kuyambira 2010. Amabayidwa m'chingwe muja kuti achisungunule, kenaka wodwala amabwerera pakatha tsiku limodzi mpaka atatu kuti dokotala akoke chala. Amagwira ntchito ndithu. Koma mtengo wake ndi madola zikwizikwi, amafuna kusungidwa mufiriji, amatupitsa dzanja ndipo nthawi zina mwanabere amatuluka m'khwapa. Ku Ulaya, komwe ankatchedwa Xiapex, anasiya kumugulitsa mu 2020. Madokotala a ku Sweden atamuyerekeza ndi singano wamba pa mfundo ya patsinde pa chala anapeza kuti zotsatira zake n'zofanana. Choncho wina akakuuzani pa Facebook kuti angakupezereni botolo lake motchipa, gwirani chikwama chanu. Kwa munthu wa ku Tete mpikisano weniweni uli pakati pa ziwiri zokha, mpeni ndi singano.

Ndiyambe ndi mpeni, ndipo ndiupatse ulemu wake. Dokotala amapha mkono wonse ndi mankhwala a dzanzi kapena kukugoneka tulo, amamanga lamba kumtunda kwa mkono kuti magazi asasokoneze, n'kung'amba khungu mokhotakhota kuchokera m'chikhatho mpaka m'chala. Akatero amasenda chingwe chonse n'kuchitulutsa, akuona ndi maso mitsempha yomvera ndi ya magazi imene ili m'mbali mwake. Ubwino wake ndi womwewo: chinthu chimene chimakoka chala chimachotsedwa, choncho chimachedwa kubwerera. Ngati mfundo yapakati yauma chifukwa chokhala yopindika zaka zambiri, dokotala angathe kuimasula pomwepo. Chala changa chamanzere mpaka lero chikadali chowongoka, ndipo pa zimenezi sindingawanamizire amene anachichita.

Chimene chinandipweteka mtima ndi mtengo, ndi mmene anaunenera. Ndinachitira opaleshoniyi pachipatala china cholipira mu mzinda wa Tete, chimene sinditchula dzina. Ndinafunsa momveka kuti zonse zikwana zingati, ndipo anandiuza chiwerengero chimodzi. Ine ndinamva kuti ndikalipira chimenecho nkhani yatha. Ndinagulitsa matabwa amene ndinasungira ntchito ya chilimwe, mayi a kunyumba anawonjezerapo za kachewere wawo, tinanyamuka. Titafika anatiuza kuti kuyeza magazi n'kwapadera. Dokotala wa mankhwala a dzanzi anali ndi lisiti lake. Opaleshoni itatha, kutsuka bala ulendo uliwonse kunali ndi mtengo wake, kuchotsa ulusi nakonso. Kenaka panabwera chomangira cha pulasitiki chovala usiku, chimene anati n'chosapeweka kwa miyezi itatu. Ndinachigula, poti munthu ali ndi dzanja lomangidwa bandeji sakangana ndi omusamalira. Mwana wanga atafufuza anapeza kuti kafukufuku wa ku England wa mu 2011 anaonetsa kuti kuveka aliyense chomangira cha usiku sikuposa mafizo okha, chimathandiza amene chala chawo chayamba kubwerera. Ine palibe anandipatsa mpata wosankha.

Ndipo mafizowo ndiwo mtengo waukulu wobisika. Dzanja likang'ambidwa limatupa, zala zonse zimauma, ngakhale zimene zinalibe vuto. Munthu amene ankalephera kutambasula chala chimodzi amadzuka akulephera kufumbata dzanja lonse. Kuti libwerere pamafunika kuliphunzitsa tsiku ndi tsiku, ndiponso kumaonana ndi wa mafizo wodziwa za manja. Kwa munthu wokhala ku Matundo kapena ku Chingodzi, mu mzinda wa Tete momwemo, umenewo ndi ulendo wa njinga yamoto. Kwa ine wa ku Angónia ndi makilomita oposa 200, kulawirira chapa mbandakucha, kudutsa Mussacama ndi Moatize, dzanja lili m'mwamba pachifuwa kuopa kugundidwa ndi katundu wa anthu, kenaka kugona kwa achibale kapena kulipira malo ogona chifukwa kubwerera tsiku lomwelo n'kovuta. Inali nthawi ya kutentha, ndipo amene anakhalako ku Tete mu Okutobala akudziwa kuti kumapitirira madigiri 40. Bandeji inkanyowa ndi thukuta ndisanawoloke n'komwe mlatho wa Zambezi. Chifukwa cha shuga ngodya imodzi ya bala inachedwa kutseka, maulendo n'kuchuluka.

Anandiuza kuti pakatha masabata awiri ndibwerera pantchito. Masabata awiriwo ndi a kuchotsa ulusi, si a kugwira hamala. Madokotala achilungamo amanena kuti dzanja limatenga masabata 4 mpaka 12 kuti lichire, ndipo wa ntchito yamanja yolemetsa ayembekezere kumapeto kwa chiwerengerocho. Kwa kalipentala, chilimwe ndiye nyengo ya ndalama. Anthu agulitsa fodya, soya ndi kachewere, akumanga nyumba, akufuna zitseko, mafelemu ndi denga mvula isanagwe. Ine nyengo yonseyo ndinakhala pakhonde ndikufinya kampira, makasitomala anga akale akudutsa kupita kwa anzanga. Ndikaphatikiza malisiti, chapa ndi ntchito imene inandidutsa, ndalama ya opaleshoni yeniyeniyo inali gawo laling'ono la zimene banja langa linataya. Mlandu wanga ndi anthu aja si wakuti anandilipiritsa. Ntchito ya dokotala ndi yolipira, ngati yanga. Mlandu wanga ndi wakuti ankadziwa kumene ndikuchokera, ankadziwa ntchito imene ndimagwira chifukwa anailemba pa fayilo, koma anandiuza mtengo wa tsiku limodzi m'malo mwa mtengo wa miyezi itatu. Akanandiuza zonse ndikanasankha mwezi wa mvula, pamene ntchito ya matabwa imachepa. Komanso palibe ananditchulira kuti kuli njira ina.

Pa zoopsa za mpeni ndinenepo mwachidule: mtsempha womvera ungadulidwe, magazi angaundane pansi pa khungu, bala lingalowe mafinya, ndipo anthu ena ochepa amatsala ndi dzanja lotupa, lopweteka ngati likupsa kwa miyezi yambiri. Ine ndinatsala ndi chipsera chimene chimaluma m'nyengo yozizira ya kuno kumapiri.

Dzanja lamanja litafika pokanika kugona patebulo, ndinali ndi ulendo wokaona mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Iye ndi amene anati, "Ababa, musalolenso mpeni musanamve za singano," n'kundipezera dokotala wa manja. Njirayi si yachilendo ayi. Madokotala a nyamakazi a ku Paris, motsogozedwa ndi Jean-Luc Lermusiaux, anaiyamba m'zaka za m'ma 1970, ndipo kudula chingwechi kudzera pa kabowo kakang'ono kunkachitika kale ku London zaka 200 zapitazo, m'nthawi ya dokotala wa opaleshoni Astley Cooper.

Sanandilowetse m'chipinda cha opaleshoni. Ndinakhala pampando ndi zovala zanga, dzanja patebulo. Anatsuka chikhatho, n'kulemba timadontho ndi cholembera motsatira chingwe. Pa kadontho kalikonse anabaya mankhwala a dzanzi pang'ono kwambiri, ongokwanira khungu lokha. Anandifotokozera kuti amachita dala osapha chala chonse, kuti singano ikayandikira mtsempha womvera ndimve ngati magetsi akuthamangira kunsonga ya chala, ndimuuze asunthe. Kenaka anatenga singano yaing'ono, yonga ya jakisoni wamba, n'kuyamba kuboola ndi kupala chingwe chija uku akukoka chala kuti chingwecho chikhale chokungika. Zili ngati chingwe cha khonje chokungidwa zolimba, ukamadula ulusi wake umodziumodzi chimafika poduka chokha. Ndinkamva kukhwekhwereza mkati koma osapweteka. Pakanthawi ankandiuza kuti ndipinde nsonga ya chala, kuti aone ngati singano sinalowe mu mtsempha wokoka chala. Atamaliza timadontho tonse anagwira chala n'kuchiwongola mwamphamvu. Chinalira kuti phwa, ndipo chala chimene chinakhala chopindika zaka chinagona patebulo ndikuona ndi maso anga. Khungu linang'ambika pang'ono pa mzere wa m'chikhatho, anaikapo kabandeji kakang'ono. Zonse sizinakwane ola limodzi, ndipo madzulo ake ndinadya nsima ndi dzanja lomwelo.

Pa nkhani imene inandivuta kwambiri ija, ya kuchira, singano ilibe mnzake. Palibe ulusi, palibe kugonekedwa, ndipo kwa ambiri palibe mafizo a kuchipatala. Anandiletsa kugwira zolemera kwa sabata imodzi kapena awiri mpaka khungu litapola. Kang'ambidwe kakhungu kaja kamachitika kawirikawiri ndipo kamatseka kokha. Kwa munthu wa shuga, kusiyana kwa timabowo ta singano ndi bala losokedwa la chikhatho chonse ndi nkhani yaikulu. Kwa nkhalamba ya mtima wofooka imene madokotala akuopa kuigoneka tulo, singano ndi njira yotheka. Kuduka kwa mtsempha wokoka chala kapena womvera kumachitika, koma mwa apo ndi apo pamene wochitayo akuidziwa ntchito.

Tsono pamene singano imagonja ndi apa: chala chimabwerera. Singano imangodula chingwe, sichichotsa, ndipo zotupa za m'chikhatho zimatsala momwemo. Kafukufuku wa ku Netherlands wotsogozedwa ndi van Rijssen, wofalitsidwa mu 2012, anatsatira odwala kwa zaka zisanu. Mwa ochitidwa singano, pafupifupi 85 pa 100 alionse chala chinali chitayambanso kupindika. Mwa ochitidwa mpeni anali 21 pa 100. Kafukufuku wina wa ku Finland wa mu 2024, wa odwala pafupifupi 300, anapeza kuti pa miyezi itatu njira zonse zinali zofanana, koma patatha zaka ziwiri amene zinkawayenderabe bwino anali 78 pa 100 kwa mpeni, 65 kwa jakisoni uja ndi 50 kwa singano. Manambala amenewa ndi oona ndipo wokuuzani za singano osawatchula akukuchitani zomwe anandichita ine a mpeni aja.

Komabe m'kafukufuku wa ku Netherlands yemweyo muli zinthu ziwiri zimene ndimazikonda. Choyamba, munthu akamakula, matendawa amachedwa kubwerera, kotero kwa agogo a zaka 70 singano ingawakwanire nthawi yaitali. Chachiwiri, oposa theka la amene anafunika kuthandizidwanso anasankha singano. Ndikuwamvetsa. Singano ingabwerezedwe, ndipo siitseka njira ya mpeni m'tsogolo. Pamene opaleshoni ya mpeni yachiwiri pa chala chomwecho ndi yovuta kuposa yoyamba, chifukwa mitsempha imakhala itamatirira m'zipsera. Chala changa chamanja chayamba kubwerera pang'ono, ndikuchiona, ndipo chikadzakanika kugona patebulo ndidzafunanso singano. Ndingalole kutaya sabata imodzi pa zaka zingapo zilizonse kusiyana n'kutayanso chilimwe chathunthu.

Mfundo imene yapindika nayo imasintha nkhani. Pa mfundo ya patsinde pa chala singano imachita zodabwitsa, chifukwa mfundo imeneyi siuma msanga ngakhale itakhala yopindika nthawi yaitali. Pa mfundo yapakati, makamaka ya kachala kakumapeto, zotsatira zake n'zochepa ndipo chala chimabwerera msanga. Chala chimene chapindika kupitirira madigiri 90 mpeni umachiwongola bwino kuposa singano. Kumeneko n'kumenenso chingwe chimazungulira mtsempha womvera n'kuukankhira pansi penipeni pa khungu, pamalo pomwe sumayenera kukhala.

Ndi chifukwa chake ndikupempha mwamphamvu kuti pasapezeke womva nkhaniyi n'kukagula singano ku famasi kuti adzidule yekha, kapena kupita kwa wobaya jakisoni wa m'mudzi. Mdala wina wa ku Tsangano atamva mmene zinandiyendera anandifunsa kuti, "Achimwene, nanga si singano yomweyi yobayira nkhuku? Mundichite inuyo." Ndinakana, ndipo ndidzakana aliyense. Chida n'chotchipa, koma chimene mukulipira ndi munthu wodziwa pamene pagona mtsempha uliwonse. Akaphonya pang'ono chabe, chala chimatsala cha dzanzi moyo wonse kapena chimaleka kupindika, ndipo kulumikiza mtsempha woduka ndi opaleshoni yaikulu kuposa imene mumaithawa.

Pa ndalama za tsiku lochitidwalo, singano ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi mpeni, popeza safuna chipinda cha opaleshoni kapena dokotala wogoneka tulo. Koma musaiwale kuti ine ku Johannesburg ndinali ndi ulendo kale ndi pogona paulere. Munthu wonyamuka dala kudzera ku Cuchamano, Harare ndi Beitbridge awerengere basi, pasipoti ndi chakudya, ndiye aone ngati zikumupindulira. Yambani ndi pafupi. Pitani kuchipatala cha m'boma lanu mukatenge kalata yokutumizani kwa madokotala a mafupa ku chipatala chachikulu cha Tete, ndipo mukafunse mwachindunji ngati alipo amene amachita fasciotomia percutânea com agulha. Lembani mawu amenewa papepala mukawaonetse. Kwa ife a ku Angónia, Lilongwe ali pafupi kuposa mzinda wa Tete tikadzera pa Calómue ndi Dedza, ndipo a ku Zóbue ali pa msewu wa ku Blantyre. Kumeneko mukafunse za needle fasciotomy. Kulikonse kumene mungapite, funsani dokotalayo kuti njirayi waichitapo kangati. Wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limeneli.

Ndili ndi chikhumbo chimodzi pa nkhaniyi. Dziko lathu kuyambira 1984 lakhala likuphunzitsa ma técnico de cirurgia, akatswiri a opaleshoni omwe si madokotala, amene amachita maopaleshoni akuluakulu m'zipatala za m'maboma, kupulumutsa amayi oyembekezera kumene kulibe dokotala wamkulu. Singano, mankhwala a dzanzi ndi bandeji zimapezeka m'zipatala zimenezi. Madokotala athu a mafupa ataiphunzira bwino njirayi n'kuiphunzitsa ena mosamala, mlimi wa ku Furancungo kapena ku Chifunde sakanafunika kugulitsa ng'ombe chifukwa cha chala chimodzi.

Ndiye amene mumandifunsa, yankho langa ndi ili. Ngati muli ndi zaka zopitirira 60, kapena muli ndi shuga, kapena mumakhala kutali ndi kumene kuli mafizo, ndipo chingwe chanu chikuoneka bwino m'chikhatho n'kumakoka mfundo ya patsinde, funani singano. Musadikire kuti chala chifike pokhudza chikhatho, chifukwa chikapindika kwambiri mwayi wa singano umachepa.

Koma alipo amene sindingawalangize kunditsatira. Ngati matendawa akuyambani musanakwane zaka 50, ali m'manja onse, bambo anu kapena amalume anali nawo, ndipo mwina muli ndi zotupa zolimba kuphazi kapena pamwamba pa mfundo za zala, ndiye kuti anu ndi aukali, singano ingakugwireni nthawi yochepa chabe. Chimodzimodzi ngati vuto lili pa mfundo yapakati ya kachala kakumapeto, kapena singano mwaibwereza koma chala chikubwerera mofulumira. Pamenepo pitani ku mpeni, ndipo mufunsenso za njira ija yochotsa chingwe pamodzi ndi khungu lake n'kuikapo khungu lochokera pamkono, imene matenda sabwerera kawirikawiri. Sankhani mwezi nokha mogwirizana ndi ntchito yanu: mlimi achite akakolola, mu Juni kapena Julaye kukuzizira, osati pamene mvula yoyamba ili pafupi, ndipo mmisiri achite m'miyezi ya mvula. A shuga aitsitse kaye, osuta asiye fodya bala lisanapangidwe. Ndipo musanapereke ndalama iliyonse, auzeni akulembereni papepala limodzi mtengo wa kuyeza magazi, wa dokotala wa dzanzi, wa kutsuka bala, wa kuchotsa ulusi, wa chomangira, wa mafizo ndi kuchuluka kwa maulendo ake, komanso sabata imene akuyembekeza kuti mudzagwiranso khasu kapena hamala.